Udzu wa Keziya Wanyowa

"Keziya, udzu uja uli kuti?" anafunsa amayi.

Keziya anaima.

Linali tsiku la Khirisimasi. Kutchalitchi ku Guilleme kunali sewero. Linali sewero la kubadwa kwa Yesu. Yesu wake anali khanda lenileni, mwana wa azakhali a Consolata. Khandalo linayenera kugona pa udzu. Wobweretsa udzu wouma anali Keziya.

Dzulo lake Keziya anayanika udzuwo panja. Kenaka anzake anamuitana. Anayenda khomo ndi khomo.

"Khirisimasi bokosi! Khirisimasi bokosi!"

Analandira maswiti. Analandira mandasi. Udzu anauiwala. Mvula inagwa.

Tsopano Keziya anathamangira kuseri kwa nyumba. Anagwira udzu. Anaufinya. Madzi anadontha.

"Mayo! Khanda lizizidwa. Khanda lidwala."

Anathamangira kwa a Stelia, oyandikana nawo nyumba.

"Odi! Muli ndi udzu wouma?"

"Disembala muno? Choka, mwana iwe, ndikusosola nkhuku."

Anathamangira ku nyumba ina, kwa a Anasi.

"Odi! Muli ndi udzu wouma?"

"Wauwisi ulipo wambiri. Bwera udzandipalirire m'munda!"

Belu loyamba linalira. Nge! Nge! Nge!

Keziya anabwerera kwawo. Anagwada pamaso pa bambo ake, a Lameki.

"Ababa, ndalakwa. Ndinathamangira maswiti. Yesu ndinamuiwala."

"Pukuta misozi. Misozi siiumitsa udzu."

Abambo anayang'ana denga la nyumba. Anakwera pa mtondo. Anapisa dzanja m'kati mwa denga. Anasolola udzu. Anasololanso. Unali wouma!

"Inu, nyumba idontha!" anatero amayi.

"Titcherapo beseni. Mwini tsikuli anabadwira m'khola. Ife tife ndi madontho?"

Belu lachiwiri linalira. Keziya anasenza udzu. Anathamanga. Anathamanga osacheuka.

Kutchalitchi anayala udzu m'kakhola ka sewero. Anayala bwinobwino. Azakhali anagonekapo khanda. Keziya analiyang'anitsitsa. Kodi lilira?

Khanda linayasamula. Khanda linagona. Kwaya inayamba kuimba.

Masana anadya mpunga ndi nkhuku. Mvula inabweranso. Denga linadontha m'beseni. To! To! To!

"Beseni likadzaza, wokataya madzi ndiwe," anatero amayi.

"Chabwino, amayi," anatero Keziya. Onse anaseka.

Tsono iwe, mwana, tamvera. Maswiti idya. Mpunga idya. Koma yamba wakonzera Yesu pogona. Usadikire belu.