Kamemole Kamene Kanadya Mawu a Malemu Simon

Ku Nyimba, kuseli kwa sukulu, kunali nyumba ya aphunzitsi a Mumba, m'mene ngakhale tambala sankalila asanapemphele. Mwana wawo Vitalis anali ndi manja odabwitsa. Amati foni imene inagona masiku atatu m'mimba mwa ng'ona, iye anaiyankhulitsa.

Anatsegula kashopu pamseu waukulu n'kumagulitsa mamemole, timakadi tija tonga chikhadabo tosungila nyimbo ndi zithunzi m'foni. Pa kalikonse ankamatapo dzina lake, ndipo anthu akaona dzinalo sankafunsanso.

"Mwana wanga," anatelo bambo ake, "anthu akukusungitsa zimene sangazipezenso. Ndiwe nkhokwe. Nkhokwe sidya chimanga."

Tsiku lina Morgan, mnzake wa kusukulu, anatsika basi ya ku Lusaka ndi thumba lotupa.

"Iwe mwana wa atichala, ukali kugulitsa zoona? Taona kuno."

Morgan analowetsa kamemole kotchipa m'kompyuta, nadinadina, basi kanayamba kunama. Malo kanali nawo a m'chikho, koma foni inkaonetsa a m'dilamu.

"Nanga kakadzaza?" anafunsa Vitalis, kukamwa yasa.

"Kamadya zakale mwakachetechete. Pofika apo mwini wake ali kutali ku Sasare. Mantha a chani?"

Vitalis anamata dzina lake pa thumba lonse. "Aka," ankauza ogula, "kangameze Luangwa ndi mvuu zake!"

Amai ake anamuyang'anitsitsa. "Masiku ano sutiyang'ana m'maso. Wadyanji?"

"Ntchito chabe, amama."

Kenako kunabwela amai Keziah a ku Sandwe, fumbi mpaka m'nsidze. Amuna awo, a Simon, oyambitsa nyimbo m'kwaya, anali atamwalila kumene. Foni anaimasula pa nsonga ya chitenje.

"Mwanangu, muno muli mawu a malemu, akuimba ali pamphasa yawo yomaliza. Foni yadzaza. Uwasamutsile pa kamemole kakakulu kuti adzukulu adzawamve."

Mamemole enieni analipo m'kabati yapansi. Koma Vitalis anatenga kabodza, nasamutsa mawu, nafufuta a m'foni.

Chaka chinatha, adzukulu akujambulilamo mbuzi ndi maukwati. Pa tsiku loika mwala pamanda, mudzi wonse utakhala chete, analumikiza foni ku sipika. Kunangomveka fuuu, ngati mphepo m'botolo. A Simon anamwalila kachiwili pamaso pa anthu.

Mbili inafika ku Nyimba minibasi isanadzaze. Aliyense anatsegula foni yake: uyu ukwati wadyedwa, uyu chithunzi cha khanda. Morgan sanaonekenso. Pashopu ngakhale ntchentche zinkalambalala.

Lamulungu, a Mumba anapatsa mwana wawo hamala. Vitalis anaphwanya mamemole onse abodza pakhomo pa tchalitchi, mpingo ukuona. M'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku Sandwe, nakagwada pabwalo la amai Keziah.

Iwo sanakalipe. Anaitana akwaya, nkhalamba zosweka zidendene, zochokela kumunda.

"Muimbileni mlendoyu zimene anadya."

Anayamba. Ine sindinaliko, koma amati nkhuku zinaima ndi mwendo umodzi, mtengo wa mango unaleka kugwedezeka, ndipo masipoko a njinga anayamba kulila okha. Nyimbo makumi atatu, ngakhale liwu limodzi losatayika, mpaka pamene a Simon ankapumila. Pamalo pa woyambitsa ankasiya mpata, ndipo mpatawo unkamveka kuposa nyimbo.

Akulila, Vitalis anatulutsa kamemole kenikeni. "Amai, loleni ndijambule. Aka n'koona, ndalumbila."

"Mwina n'koona," anatelo amai Keziah. "Kukhululuka ndakukhululukila, pita ndi mtendele. Koma foni yanga sidzagonanso m'manja mwako."

Lelo Vitalis akali pamseu. Kamemole kalikonse amakadzaza mpaka pakamwa wogula akuona, ntchito ya ola lathunthu. Ena abwelela, mmodzimmodzi ngati mvula ya Okutobala. A ku Sandwe amapitilila ndi njinga zawo kukagula kwina, atamupatsa moni bwinobwino.

Achinyamata, imvani. Munthu akakusungitsani chinthu, musamunamize. Mukalapa Mulungu amakhululuka tsiku lomwelo, ndi anthu ena atelo. Koma chimene bodza lanu ladya silibweza, ndipo alipo amene sadzakusungitsaninso kanthu mpaka kumanda.