Dzino Lachinayi la Sipuling'i

Mwezi wa Disembala kwathu kuno dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ikamakwana fili koloko masana kumakhala kutada kale. Tsiku limenelo ndinali m'galaja yanga, mbaula ikuyaka, tiyi wazizira pabenchi. Ndinamva injini ikubwera kuchokera cha kutchalitchi. Makaniko amadziwa kulira kwa njinga iliyonse ya m'mudzi mwake. Iyi inali njinga yamoto yoyenda pachipale chofewa ya mlamu wanga Yefim.

Panali patatha chaka chathunthu tisanalankhulane.

Mkazi wake anali mlongo wanga Anisya, wondiponda pamutu. Chaka chapitacho awiriwa ankachokera kumsasa wa oweta mphalapala, kudzera pamtsinje wa Izhma utaundana. Mphepo ya chipale inawapeza panjira. Anisya anagwa pampando wakumbuyo, Yefim osamva. Anafika mpaka pakhomo, kuzimitsa injini, n'kunena kuti, "Tsika, tafika." Ankalankhula ndi mpando wopanda munthu. Anisya tinakamupeza patatha masiku atatu.

Pamaliro ndinamunyoza Yefim pamaso pa mudzi wonse. Ndinati mwamuna wanji amene samva kuti kumbuyo kwapepuka? Aliyense woyendetsa amadziwa kuti wokwezedwa akachoka, kumbuyo kumadzuka ndipo nyale imagwetsa kuwala pansi. Yefim anangovula chipewa n'kuima pachisanu mpaka makutu kuyera.

Koma panali chimene sindinauze munthu. Sipuling'i yakumbuyo imakhala pa kachitsulo ka mano anayi. Dzino loyamba ndi la munthu mmodzi, lachiwiri la anthu awiri, lachinayi la katundu wolemera. Kutatsala masiku awiri kuti ngoziyo ichitike, ndinabwereka njingayo kukanyamulira zigubu za petulo. Ndinaika pa dzino lachinayi, ndipo pobweza ndinaiwala kutsitsa. Pa dzino limenelo kumbuyo kumauma gwa ngati benchi. Kumamuponya munthu m'mwamba pamabampu, ndipo akagwa woyendetsa samva chilichonse. M'mawa wa tsiku la maliro ndinazemba kulowa m'shedi mwa Yefim ndi sipanala, ndinabwezera pa dzino lachiwiri. Kenako ndinapita kukamutukwana.

Ndiye munthu ameneyo anali atalowa m'galaja mwanga, akusasa chipale m'mapewa.

"Alamu," anatero osandiyang'ana. "Kukanakhala makaniko wina m'mudzi muno, sindikanabwera."

"Ndikudziwa. Yatani?"

"Yatsika kumbuyo. Nyale ikuunika nyenyezi m'malo mwa njira. Dzulo pang'onong'ono ndikanalowa nayo pamadzi osaundana."

"Mwina mwanenepa."

Inali nthabwala yopusa. Munthuyo anali atatha, chikhoti chikungomulendewera.

"Mawa ndiyenera kukasiya mchere kumsasa," anatero. "Ndikhala ndili kunyumba."

Anatuluka wapansi, osamwa ngakhale tiyi.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri, ndipo ndimadzitama nayo. Njinga ikanyonyomala kumbuyo, zifukwa zake n'zodziwika. Ndinainyamula kumbuyo mpaka sipuling'i itatambasuka, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pakaliyala kufika pansi. Ndinaisiya pang'onopang'ono. Inatsika zala ziwiri monga zimayenera kukhalira, n'kuima. Ndikuti nditembenuke, ndinamva sipuling'i ikulira chapansipansi. Inatsikanso zala zinayi, modekha, ngati mmene imachitira munthu akamakhala mosamala.

Ndinati sipuling'i yatopa basi. Ndinaika zatsopano, zomwe ndinasungira njinga yanga. Ndinayeza. Zala ziwiri, kenako zinayi. Ndinamasula shoku, ndinaifinya ndi manja, inali yamoyo. Ndinaisinthabe. Ndinagona chagada pansi ndi tochi kufuna bawuti yothyoka kapena chitsulo chopindika, ndinagogoda chipale chonse chomwe chinaundana pa lamba amene njingayo imayendera m'malo mwa tayala. Zonse zinali bwinobwino. Ndinaitukwana njingayo ndi amene anaipanga omwe.

Kenako ndinachita zimene ndimachita mutu ukaima. Ndinakokera njinga yanga pambali pake, n'kuyamba kuisenzetsa katundu kuti ndione kulemera kumene kungaitsitse chimodzimodzi. Ndinaika thumba la mchere la makilo makumi asanu. Inatsala pang'ono. Ndinawonjezera nsapato zanga zachikopa ndi chikhoti. Zinafanana ndendende.

Anisya anali wamng'ono thupi. Ndinkamuseka kuti thumba la mchere limamuposa.

Ndinakhala pabenchi kwa kanthawi, ndikuyang'ana mpando wakumbuyowo. Panalibe chooneka. Chikopa cha mphalapala chimene Anisya anayalapo chinali chikadalipo, ubweya utagona pakati.

Mantha amamupusitsa munthu. Ndinatenga sipanala n'kupotokola kachitsulo kaja panjinga ya Yefim, dzino lachitatu, kenako lachinayi. Kumbuyo kunadzuka. Tepi inanena kuti njinga yachira. Ndinadziuza kuti ndatha ntchito, kwatsala kungoiyesa.

Ndinatsikira nayo kumtsinje nthawi imene anthu amadya chakudya chamadzulo. Mawindo ankawala kumtunda, agalu ali phee. Njira ya pamtsinje timaizindikira ndi timitengo ta paini timene timazika m'chipale, ndipo nyale inkatigwira bwino, kamodzikamodzi. Ndinawonjezera moto.

Nditadutsa pachilumba ndinamva kulemera pamsana.

Sikunali kozizira. Kunali ngati munthu watsamira kuti abisale mphepo. Kenako matumba a chikhoti changa anakokeka, kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi. Chiyambire tili ana, Anisya sankagwira woyendetsa m'chiuno. Ankapisa manja m'matumba ake, ati magolovesi amanama.

Sindinacheuke. Ndinangoti maso pa timitengo.

Ndiye paphewa langa lakumanzere panagunda kawiri. Kwathu kuno injini ikamalira sumvana, choncho wokwezedwa akafuna kuti uchepetse liwiro amakugunda paphewa kawiri. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Koma chala changa chinakana kuchoka pamoto. Panagundanso kawiri, mwamphamvu.

Patsogolo panali pamene ayezi anatundumuka. Njinga inadumpha n'kutera, ine ndili chigwirire. Ndinapitirira timitengo khumi kapena kuposa ndisanazindikire kuti pamsana panga pakuwomba mphepo. M'matumba munalibe kanthu.

Sindinamve chilichonse pamene ankachoka. Kumbuyo sikunadzuke, nyale sinasunthe ngakhale pang'ono. Ndinaimitsa njinga pakati pa mtsinje, ndipo mawu amene ndinalankhula pamaliro aja anandibwerera onse. Chaka chonse ndinkadziwa ndi mutu wokha. Tsopano ndinali nditadziwa ndi msana wanga. Manyazi amene ndinamva anaposa mantha.

Ndikanatha kuzungulira njira ya kumtunda n'kukalowa m'nyumba. Ndinaganizadi zimenezo. Koma mlongo wanga anali atasiyidwapo kale kamodzi pamtsinje umenewu.

Ndinatembenuza njinga, ndikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mkukuluzi wanga. Pafupi ndi potundumuka paja, kumbali kwa njira, chipale chinali chitaphwanyika ngati pagwa munthu chammbali. Panalibe mapazi opita kapena ochokera pamenepo.

Ndinagwada kumbuyo kwa njinga. Ndi magolovesi sipanala inkaterereka, choncho ndinawavula. Chitsulo chinandiluma zala ngati moto. Ndinapotokola, lachitatu, lachiwiri. Ndinakwera n'kukhala, injini ikulira chapansipansi.

"Anisya," ndinatero. "Ndine ndinaumitsa sipuling'i, si mwamuna wako. Kwera, tizipita. Ndiyenda pang'onopang'ono."

Ndinadikira. Misozi inaundana m'zikope. Ndinayamba kudziona ngati chitsiru cholankhula ndi mphepo.

Kenako kuwala kwa nyale kunayamba kukwera. Kunachoka pachipale, kunadutsa kamtengo kapafupi, kukathera m'mwamba. Sipuling'i inalira chapansipansi. Matumba anga anakokeka.

Ulendo wa mphindi khumi ndinauyenda ola lathunthu. Pa kamtengo kalikonse ndinkatsitsa dzanja n'kugwira thumba langa, kuti ndimve ngati likadali lolemera.

Sindinapite kugalaja. Ndinakaima pakhomo pa Yefim. Anatuluka ndi nyali, anayang'ana njinga, kenako ine.

"Simunaikonze," anatero.

"Ilibe vuto, alamu."

"Mwaona kuti ilibe vuto?"

Anafunsa motsitsa mawu, ndipo ndinazindikira kuti ankadziwa kalekale chimene chinkaitsitsa. Anangofuna kuti wina amuuze kuti sanapenge.

Ndinamuuza zonse nditaima pachisanupo. Za zigubu za petulo, za dzino lachinayi, za m'mawa wa maliro. Ndinkayembekezera chibakera, ndipo ndikanachilandira mokondwa. Iye anangoika nyali pansi n'kukhala pachitsa chowazira nkhuni.

"Chaka chonse," anatero. "Chaka chonse ndakhala ndikudzifunsa kuti ndine munthu wotani ine. Usiku ndimadzuka, ndimakhala pampando, ndimadzifunsa kuti sindinamve bwanji."

"Simukanamva. Inenso lero sindinamve."

"Prokopi, unandisiya ndikudzida chaka chonse."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina, ndipo ulemu wa chilamu anausiya pambali. Mpaka lero sindinganene kuti anandikhululukira, ndipo sindinapemphe.

Kenako ndinati, "Nyale ndingaiweramitse kuti izigwira njira. Kapena ndiike pa dzino lachitatu, kuti isamatsike kwambiri."

Anadzuka, anapita panjingapo n'kusalaza chikopa cha pampando ndi dzanja.

"Nyaleyo weramitsa," anatero. "Sipuling'iyo usaikhudzenso. Ndikufuna tsiku limene adzatsike, ndidzamve."

Lamlungu lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi, ndinaima pakhomo n'kunena zimene ndinachita. Ena anasiya kubweretsa njinga zawo kwa ine, ndipo sindiwaimba mlandu.

Yefim akuyendabe ndi njinga imeneyo. Mukamuona pamtsinje mudzamudziwa msanga, chifukwa amayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, kumbuyo kutanyonyomala. Anyamata amati ndi sipuling'i zachabe zimene ndinamuikira. Amayi a kutsidya amanong'onezana zina, ndipo akamadutsa amapereka moni kawiri. Ine sinditsutsa aliyense. Ndimangoona kuti akafika pakhomo amazimitsa injini, n'kukhala kaye chete pampando. Kumbuyo sikudzuka. Ndiye amatsika yekha, n'kulowa m'nyumba osatseka chitseko cha shedi.