Tizikhatho pa Ngalande ya ku Mlare

Madzulo amenewo ndinaphika mbalaga, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, monga anandiphunzitsira azimayi a ku Karonga. Amuna anga a Stephano anangolawa pang'ono n'kukankha mbale. Munthu amene uja sankasiya chakudya ngakhale malungo atamugwira. Ndinadziwiratu kuti ngalande yawo aitsekanso.

Ife tinachokera ku Dedza, zaka za m'ma 1970 zikungoyamba. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo tinapatsidwa kanyumba ka malata kuseri kwa Mlare, ku Karonga komweko, moyang'anizana ndi dambo. Dambo lake silinali ngati a kwathu. Ukaliponda linkanjenjemera ngati mimba ya ng'ombe. Dothi lake linali lakuda bii, lopepuka, lokhalokha mizu ya gumbwa ndi bango yowolerana kuyambira makedzana. Mu Okutobala mitsinje itauma gwa, ilo linkangotsitsa madzi pang'onopang'ono, zitsime za kumunsi osaphwa.

Akuluakulu anati pamenepo pakhale minda. Anawapatsa a Stephano chingwe, zikhomo ndi anthu a makasu kuti akumbe ngalande yochotsa madzi. Mbali yoyamba itatha, dothi lija linang'aluka. Zitsime zinayamba kutsika. Kenaka moto wa osaka mbewa unalowa pansi, n'kumanyeka mwakachetechete, wopanda malawi, utsi wokha kumatuluka m'ming'alu. Ng'ombe ina inaponda pooneka ngati pabwino, mwendo n'kulowa m'phulusa lamoto.

Ng'ombeyo inali ya a Hudson, bambo wachikulire wa pamudzipo. Pamsonkhano anaimirira n'kunena m'Chichewa chawo chotsamira ku Chitumbuka kuti dambo salicheka ngati chinangwa. Anangonena zomwezo n'kukhala pansi. Koma masiku amenewo pakamwa pankamangitsa.

Ndiye kutseka kuja kunayamba. Kukacha, ngalande yatsekedwa ndi mitolo ya bango, pamwamba atamata dothi. Anthu a makasu ankagumula, mawa lake chimodzimodzi. Tsiku ndikunenali masana kunabwera tcheyamani wa chipani. Anati pofika mawa akufuna dzina la munthu wodana ndi chitukukoyo, ndipo anaonjeza kuti dzinalo aliyense akulidziwa kale. Munthu akatengedwa pa mlandu wotero, abale ake sankafunsa n'komwe kuti wapita kuti.

Ine mtima unandiwawa, chifukwa akazi a a Hudson, mayi Eliness, anali ngati mayi anga. Chaka cham'mbuyo mwake ndinabereka mtayo, mwana wanga woyamba, wosalira n'kamodzi komwe. Kwathu kunali kutali. Anandisunga ndi mayi Eliness ndi mnzawo mayi Yunike. Anamukulunga m'kansalu, chisisira chitagwa n'kupita naye kudambo, azimayi okhaokha, opanda kulira maliro. Nkhope yake sanandionetse. Chimene ndinaona ndi kadzanja kokha, katapulumuka m'nsalu pamene ankatuluka pakhomo.

Patapita nthawi, tikutunga madzi, mayi Eliness anandilozera ndi mlomo pa tchire la kanjedza pakati pa dambo. Anati ana otere onse a m'mudzimo amawagoneka pamenepo, osakumba kwambiri, pozizira ndi ponyowa, kuti mimba ya mayi isaume. Zimenezi mwamuna sauzidwa, ndipo a Stephano sanafunsepo. Zikhomo zawo zija zinali zitandanda molunjika pa kanjedza pomwepo.

Atakankha mbale muja, anati apita okha akadikirire, sangapereke dzina la munthu asanamuone ndi maso awo. Ine ndinati ngati ndi choncho atengane ndi a Hudson omwewo. Ikatsekedwa iwo ali nawo limodzi, mlandu watha. Anandiyang'ana, n'kunena kuti nthawi zina ndimaganiza. Nthawi zina! Ndinawasiya, sinali nthawi yokangana.

Atanyamuka ndinathira tiyi m'botolo n'kuwatsatira. Ndinawapeza atakhala pachulu, ngalande ili chapafupi pamunsi pawo. A Stephano anandithamangitsa. Ndinawauza kuti m'nyumba ndekha sindigona, akafuna andinyamule. Anangondisunthira malo.

Mwezi unali utatuluka, ndipo kunali bata. Achule ankalira dambo lonse, udzudzu nawo osatipatsa mpata. Fungo la dothi lonyeka lija linkabwera n'kumapita. M'ngalande madzi ankamveka akutsika, chololo, osalekeza. A Hudson ankasuta fodya wawo wopichira m'khoko la chimanga, akutisimbira motsitsa mawu za ng'ombe yopsa ija, kuti yayamba kuponda. Za tcheyamani sanatchule, chonsecho ankadziwa chimene anawaitanira.

Tinamwa tiyi. Tinakhala.

Kenaka achule analeka. Onse, nthawi imodzi.

Kunalibe mphepo, koma bango la kufupi ndi kanjedza linayamba kugwedezeka. Osati nsonga zake ayi. Linkagwedezeka m'munsi, ngati mukudutsa nkhuku. Kanjira kamodzi, kenaka kena, kenakanso kena. Timanjira tonseto tinkabwera kungalande, mosafulumira.

A Stephano ananong'ona kuti ndi akatumbu, tinyama ta m'madzi tija. A Hudson anangozimitsa fodya wawo padothi.

Tinamva bango likuthyoka, limodzilimodzi. Tinamva mitolo ikukwekwerezedwa m'matope. Kenaka panayamba kaphokoso kamene mkazi aliyense amakadziwa, ka manja pozira nyumba. Pha, pha, pha. Koma kanali kopepuka kwambiri, ndiponso manja ake anali ambiri.

A Stephano anayatsa tochi. Kuwala kwake kofiirira kunagwera pa nkhungu yoyandama pamadzi. Munthu panalibe. Ndinangoona mtolo wa bango ukutsetsereka wokha kulowa m'ngalande, madzi akuchita timizeremizere m'mbali mwake.

A Hudson anaphimba tochiyo ndi dzanja lawo.

"Zimitsani, bwana. Muwatobola m'maso. Ngaang'ono awo."

Anazimitsa. Ine mantha sindinamve, kunena zoona. Chimene ndinamva ndi mabere anga kulemera, monga anachitira masiku aja mwana atapita. Ndinagwira pachifuwa. Bulauzi inali itanyowa. Ndinafunda chitenje kuti amuna asaone, misozi ikungotsika yokha.

Kulira kwa madzi kunayamba kuchepa. Kunachepa, kunachepa, mpaka zii. Timanjira tija tinabwerera kukanjedza monga momwe tinadzera. Chule mmodzi anayesa mawu, anzake n'kumulandira, dambo lonse n'kukhalanso monga kale. Palibe amene anati tiyeni tizipita. Tinakhala pachulupo mpaka kum'mawa kutayera.

Kutacha tinatsikira. Ngalande inali yotsekedwa bwinobwino, madzi atabwerera n'kuyamba kulowa m'ming'alu ya dothi louma lija. Pamwamba pa chotsekacho panali pomatidwa mosalala. Ndipo paliponse panali tizikhatho. Tating'ono, tosaposa tsamba la bonongwe, tala tonse tikuoneka. Mapazi panalibe, kaya a munthu kaya a nyama.

Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake anthu a makasu ankalawirira kudzagumula abwana awo asanafike. Ankaona zimenezi m'mawa uliwonse, osanena.

Ndinagwada n'kuika chala changa m'kachikhatho kamodzi. Dothi linali lozizira. Kaya kanali kake, kaya ka mwana wa wina, sindidziwa.

A Stephano anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Kenaka anandiitana ndi dzina la mfunda wanga, limene ankalisungira nkhani zikuluzikulu.

"Nambewe, mwana wathu anamugoneka pati?"

Mwambo unkati ndisanene. Ndinayang'ana a Hudson, iwo n'kutembenukira kumbali ngati akuyang'ana ng'ombe zawo. Ndinaloza ndi mlomo.

Amuna anga anavula nsapato, n'kulowa m'dambo. Anazula zikhomo zija chimodzichimodzi mpaka kukafika pa kanjedza. Pamenepo anaima pang'ono. Anabwerako atazikumbatira pachifuwa, matope mpaka m'mawondo.

Tcheyamani atabwera kudzatenga dzina, a Stephano anamuuza kuti dzina palibe. Anati dothi la pamenepo ndi loyandama, limadzigumukira lokha usiku, ndipo wolakwa ndi iwowo amene anayeza molakwika. Anati a Hudson anachezera nawo limodzi pachulu, sanasunthe. Tcheyamani anafuna kukaona yekha. Anapita, anayang'ana, anakhala kanthawi. Iyenso anali mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo mkazi wake anali atapitako kudambo chisisira. Anabwerako n'kukwera njinga yake.

A Hudson sanatengedwe. Ife ndi amene tinalipira. Pasanathe miyezi a Stephano anawatsitsa udindo n'kuwatumiza ku Chikwawa, kotentha ngati m'ng'anjo. Ndinadandaula, ndisaname, ndipo ndinawadandaulira iwo omwe zaka zambiri.

Tikukweza katundu m'lole, azimayi anabwera kudzatsazika. Mphekesera inali itafala kale. Ena ankati ndi akatumbu, ena ankati ndi azimayi a m'mudzi omwe ankadziwa kuyenda mosaoneka. Mayi Eliness anandikokera kuseri kwa nyumba n'kunena chapansipansi kuti ana aja ankamva kutentha, basi, palibe china.

"Wako usamudandaule, mwana wane. Ali ndi anzake, ndipo madzi alipo."

Ku Chikwawa ndinabereka ana ena, amoyo, onse anakula. Za usiku umenewo a Stephano sanazitchulenso, ngakhale kwa ine. Koma mpaka imfa yawo, akangomva kuti kwabwera munthu wochokera ku Karonga, kaya mphunzitsi, kaya wapolisi, ankamusakasaka mpaka amupeze. Sankafunsa za mpunga, kapena za anzawo akale a kuntchito. Ankangofunsa ngati dambo lija la kuseri kwa Mlare likadali ndi madzi.