Suti Youma ya Eliseo

Yasna anakumana ndi Eliseo pamalo okwerera basi ku Quellón, tauni ya m'mbali mwa nyanja, mvula ya mu June ikuwaza monga mwa nthawi zonse. Mnyamatayo anali atakolekera thumba paphewa, ndipo thumbalo linkadonthezera madzi pansapato ya Yasna.

"Achimwene, mwaba nyanja kodi? Mukundinyowetsatu."

"Pepani chemwali, ndi suti yanga ya mphira yobirira pansi pa madzi. Sabata yonse sinaumepo." Anamwetulira, mano akugundana ndi kuzizira. "Ndilibe wondiyanikira."

Mawu omalizawo ndi amene anamugwetsa mwana wamkazi!

Kuno kwathu, nyengo yozizira, suti ya wobira nkhono imatenga masiku awiri kuti iume, choncho wobira aliyense amakhala nazo ziwiri zosinthanitsa. Ndipo mkazi akapachika suti ya mwamuna pakhonde pake, basi, mudzi wonse wadziwa kuti ukwati uli panjira.

Pasanathe mwezi, Yasna anali katswiri. Ankaitsukuluza ndi madzi a pampopi kuti mchere uchoke, n'kuitembenuza, n'kuipachika patali ndi chitofu cha nkhuni kuti mphira isang'aluke. M'nsapato zake ankafwatikamo manyuzipepala. Magolovesi ankawaveka pa timitengo. Zala zake zinachita ming'alu ndi madzi ozizira, koma iye analibe nazo ntchito.

Foni ya Yasna inkalira boti la Eliseo lisananyamuke.

"Kadzuwa kanga, ndikavala suti yoyanika iwe ndimamva kutentha ngakhale pansi pa nyanja."

Ndani sangasungunuke ndi uthenga wotere?

Koma Eliseo anali ndi lamulo limodzi. "Uziyanika m'khitchini, wapamtima. Mphepo ya kuno imadya mphira. Nyengo ya nkhono ikatha tidzaipachika pakhonde, aliyense aone. Ndikulonjeza."

"Nanga inayo amakuyanikira ndani?"

"Mayi anga, kuchilumba kutsidyako. Wayamba nsanje ndi nkhalamba?"

Norma, mkulu wake wa Yasna, ankangopukusa mutu akumwa tiyi pansi pa suti yodontha.

"Iwe, mphepo imeneyi imadya suti ya Eliseo yekha? Za anzake zili mbwee m'makonde. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi iwe. Masiku enawo ndi a yani?"

"Achemwali, musandilowetse mphepo m'mtima. Simumudziwa."

"Iwe ndiye ukumudziwa?"

Yasna anatembenukira ku suti ija. Ankamukonda Eliseo, ndipo ankaopa kumufunsa kawiri.

Kenako kunabwera chimphepo. Doko linatsekedwa masiku anayi, palibe boti linatuluka. Kwa nthawi yoyamba suti ija inauma gwaa, kunja ndi mkati momwe. Yasna anaikumbatira ngati mwana.

Tsiku lotsegula doko kunabwera uthenga m'mamawa: "Usavutike kubwera kuno, kadzuwa kanga. Ndidzatenga ndekha mawa."

Mawa? Suti youma chonchi idikire mawa, mwini wake akalowe m'madzi ndi chinyontho? Anaipinda bwinobwino, natenganso zitumbuwa za mbatata zotentha, ulendo wa kudoko.

Pafupi ndi boti la Eliseo panaima mayi wina woyembekezera, wongotsika kumene boti la kuchilumba. M'manja mwake munali suti yakuda, youma, yopindidwa bwino. Pakolala pake panali zilembo za penti yoyera, E.C. Yasna anayang'ana imene ananyamula iye. Zilembo zomwezo, dzanja lomwelo.

Mayiyo anamwetulira.

"Aaa, ndinu amene mumayanika ku shedi ya eni boti eti? Ine ndine Noemí, mkazi wa Eliseo. Amandiuza kuti inayo amasiya kwa mayi wa ku shedi."

Yasna anakumbatira suti ija pachifuwa.

"Ntchito mumaitha, chemwali," Noemí anapitiriza. "Nthawi zina amabwera nayo kwathu, ndimaona mwasoka ngakhale pakhwapa. Ine ndi mimbayi kuwerama pa beseni kukundivuta. Chaka chachitatu chino ndikuyanika pakhonde panga, koma nyengo ino mukanapanda inu sindikanakwanitsa. Mulungu akudalitseni."

Yasna anene chiyani? Amuuze mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu kuti shediyo ndi khitchini yake? Amuonetse mauthenga a m'foni?

Eliseo anatulukira atasenza paipi ya mpweya, akuimba mluzu. Atawaona awiriwo, mluzu unaduka. Chimphepo chija chinali chitasokoneza masiku ake, suti zonse ziwiri zauma tsiku limodzi.

"Bambo a mwana, ndakumana nawo mayi a ku shedi aja!" anatero Noemí mokondwa.

Yasna anamuyang'ana m'maso, mtima ukupempha. Anene zoona, ngakhale zopweteka. Atchule dzina lake lokha basi.

Eliseo anatenga suti ya m'manja mwa mkazi wake. Kenako anatembenukira kwa Yasna, maso ali pansi.

"Zikomo kwambiri, mayi. Imeneyo kasungeni, ndidzavala mawa."

Mayi! Munthu amene m'mamawa womwewo anali kadzuwa!

Injini inalira, boti linasuntha. Noemí anabayibitsa mwamuna wake mpaka boti linazungulira kumwala, natsanzika mwaulemu n'kupita kumsika. Yasna anatsala yekha padoko, zitumbuwa zitazizira m'thumba.

Anafuna kuiponya m'nyanja sutiyo. Anaikweza ndithu, misozi ikutsikira m'kamwa. Koma anaganiza za madzi a mawa, mmene amalumira mafupa munthu akavala chonyowa, ndi za mwana wosabadwa uja amene bambo ake ayenera kubwerako amoyo. Manja anakana.

Mvula inayambanso kuwaza. Yasna anavula jekete lake, nafunditsa suti ija kuti isanyowe, n'kuyamba kukwera mtunda wa kwawo akunjenjemera.