Wotchi Yobwerera pa 12 Koloko

Tsiku limene Ackim analowetsa kagalimoto kake kokalamba mugalaja ina ku Chiputula, kunja kunali mvula ya mawawa, ija ya ku Mzuzu yosadziwa kukata. Anapeza mtsikana wovala ovolosi akupukuta manja.

"Monire, mama. Amakaniko a zamagetsi ali kuti?"

"Ndi amene mukuyankhula nawowa," anayankha Winifred, osamwetulira n'komwe.

Vuto linali kawotchi ka padashibodi. Ukakatchera lero, m'mawa wina umakapeza kabwerera pa 12 koloko, kakungophethira. Winifred anasintha fyuzi, n'kutchera nthawi. Sabata isanathe Ackim anatulukiranso.

"Yayambanso?"

"Lero wotchi ili bwino. Chavuta ndi mtima wanga. Wavuta chomene!"

Mawu akalekale, oti ndi mwana yemwe sanganyengeke nawo! Koma Winifred, mwana wa ku Dowa amene ankakhala yekhayekha mumzinda wa eni, anaseka. Kuseka kumeneko ndiye kunamupalira moto.

Chikondi chinayaka. Foni ya Winifred sinkapuma. "Wini wanga, duwa langa, wotchi ikhoza kunama koma ine sindidzakunamiza." Masiku ena galimoto inkagona pakhomo pa Winifred. Masiku ena Ackim ankati akagona ku Ching'ambo kwa achimwene ake, mkulu wa mpingo wosafuna kuona alendo aakazi.

"Tikangomanga banja udzafikako, switi. Ndikulonjeza."

Koma wotchi sinasiye khalidwe lake. Winifred anamasula dashibodi yonse, anapala mawaya, anafika poikamo wotchi ina ya m'galimoto yakufa. Patangopita masiku awiri, 12 koloko!

"Isiye, wachikondi. Nthawi ndimaonera pafoni," anatero Ackim.

"Ndiye bwanji umachedwa paliponse n'kumanamizira wotchi? Ine chinthu chikandikanika sindigona tulo."

Ndipo sankagonadi. Loweruka malume ake ankabwera kuchokera ku Dowa kudzaona mwamuna amene ankafuna kutenga mwana wa mlongo wawo. Malumewo anali munthu woti ukachedwa kamodzi, wadzichotsera ulemu mpaka kalekale. Kodi Ackim akafikenso mochedwa, ali wotchi yandinamiza? Ayi ndithu!

Lachinayi Winifred anakhala pansi n'kuganiza. Wotchi yotere imaiwala nthawi pokhapokha moto ukaduka. Mawaya anali bwino, wotchi inali ina. Chotsala chinali batire. Anamanga nati ya pamutu pa batire zolimba, n'kudonthezerapo utoto wofiira wa m'zikhadabo.

Lachisanu m'mawa wotchi inali pa 12 koloko, utoto uja utasweka.

"Ackim, batireli amachotsa ndani?"

"Palibe, mami. Mwina mabampu a kwathu kuja."

Mabampu n'kumasula nati? Winifred anaimanganso ndi mphamvu zake zonse. Tsiku lonse mtima unali m'malere. Ankagwetsa masipanala, tiyi anamuzizirira m'kapu. Potsiriza anadzitonthoza kuti mwina alipo wina amene amaba moto wa batire kumene galimoto imagonako. Anawotcherera kachitsulo kotsekera batire, n'kugula loko. Dzuwa litapendeka anakwera kabaza wa ku Ching'ambo kuti akamudzidzimutse wokondedwa wake ndi mphatso.

Galimoto sinavute kupeza. Inali pansi pa mtengo wa mapeyala, boneti ili yasa. Mayi wina wobereka mwana kumbuyo anali atawerama, akulimbana ndi nati ija.

"Odi! Mukutani pamenepo?"

Mayiyo anadzuka, n'kuyang'ana ovolosi ija. Nkhope yake inawala.

"Monire, mama! Ndinu a Winifred eti? Bambo a Wanangwa amakutamani chomene, akuti muli ndi manja odala."

"Inu ndinu alamu ake a Ackim?"

"Alamu?" Mayiyo anaseka. "Ndine Rejoice, mkazi wawo. Eni ake angochoka kumene, apita kukabwereka suti. Akuti mawa kuli ukwati wa mnzawo."

Winifred anagwira chitseko cha galimoto.

"Nyumba yathuyi ilibe magetsi," anapitiriza Rejoice, "ndiye galimoto ikagona kuno ndimachotsa batire kuti tiyatsire babu. Mwanayu, Wanangwa, amaopa mdima. Ndinawauza ine kuti awuzeni amakaniko aja asamavutike ndi wotchi. Sanakuuzeni?"

"Sanandiuze."

"Amuna! Koma akapita ku Karonga ndiye timavutika. Wanangwa amalira mpaka kukamwa kuuma."

Ku Karonga! Winifred anakudziwa ku Karonga kumeneko. Kunali pakhomo pake pomwe, ku Chiputula. M'mawa uliwonse umene ankadzuka n'kupeza wotchi ili bwino, n'kumanyadira kuti waikonza, mwana uyu ankakhala atagona mumdima.

Foni inalira m'thumba, unali uthenga wa Ackim. "Mawa ndi tsiku lathu, Wini wanga. Sindichedwa, ndikulumbira." Anawerenga, misozi ili lengelenge. Kodi pakamwa pamodzi pangatuluke bwanji uchi wochuluka chonchi ndi bodza lomwe?

"Mama, poti mwabwera, tandithandizani," anatero Rejoice. "Lero nati yalimba ngati wina waimanga ndi mkwiyo. Kunjaku kukuda."

Winifred anayang'ana kamwana kaja. Mphumi ndi makutu, Ackim yemwe! Analandira sipanala, n'kumasula nati imene anamanga yekha m'mawa. Ananyamula batire mpaka pakhonde.

"Yewo chomene! Khalani mumwe tiyi, abwera posachedwa."

"Zikomo, mayi. Mungowauza kuti vuto la wotchi ndalipeza."

Atafika pamsewu, loko ija ikumulemera m'thumba, anaimba foni ku Dowa.

"Malume," anatero, "mawa musakwere basi."