Kumene Ubweya Umagonera

Pauline anakumana ndi Prosper pakhonde la shopu ya a Magret, kumsika wa Zomba, kumene mtsikanayu ankaphunzira kupeta nsalu. Mnyamatayo anafika atavala tayi, foni ili m'manja.

"Chemwali, mungandipetere uyu?"

Pauline anayang'ana chithunzicho. Anali mphaka wotuwa, wonenepa ngati bwana wa kuofesi.

"Achimwene, anzanu amapetetsa maluwa kapena vesi. Inu mphaka? Anthu akuyesani mfiti."

"Ndimakhala ndekha ku Mtiya. Ndikaweruka, amandilandira ndi iyeyu." Anamwetulira. "Pokhapokha inu mutamulanda udindowo."

Mawu otere Pauline anali atawamvapo kwa makondakitala. Koma kondakitala savala tayi.

Posakhalitsa Prosper anali atamukweza kuphiri, kukamuonetsa damu la Mulunguzi ndi kumudyetsa masitoroberi. Foni ya Pauline sinkapumanso.

"Duwa langa, usamale singano isakubaye. Magazi akowo ndi anganso."

"Ndidzakutengera kwathu amayi akakuone. Ndalumbira."

Chikondi chinkayenda bwino. Amene ankakana ndi mphaka. Pauline ankapeta, kumasula, kupetanso, mpaka nsalu inayamba kuchita mabowo. A Magret anavala magalasi awo n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe, uyu ndi mphaka kapena nungu?"

"Ndatsatira chithunzi, amayi."

"Ubweya uli ndi kumene umagonera. Umayambira pamphuno kulowera kumbuyo, ukafika patsaya umakhota. Ulusi uzigwiritsa umodziumodzi, woderapo pansi, wowala pamwamba. Pafoni sungazione zimenezo. Pita ukamusisite ndi dzanja lako."

Pauline atamuuza Prosper, yankho linabwera msanga: "Amaluma alendo, switi wanga." Sabata inayo, mphakayo akuti anali ndi chimfine. Mphaka wachimfine? Komabe Pauline anamutumizira mafuno abwino.

Loweruka masana anaika nsalu ndi ulusi m'chikwama n'kukwera kabaza. Ankafuna kumudabwitsa wake uja. Ku Mtiya anangofunsa za nyumba ya mphaka wonenepa, ndipo amayi ogulitsa tomato onse analoza geti imodzi.

Amene anatsegula chitseko anali mtsikana woyera bwino, atamanga chitenje. Pamwamba anavala shati yachimuna, yomwe ija Prosper anavala kuphiri.

Mtsikanayo anaona ulusi ukusuzumira m'chikwama n'kuseka.

"Ndinu opeta aja? Lowani, achemwali. Prosper satha kusunga chinsinsi, anaulula yekha kuti akundipetetsera mphaka wanga. Akuti mphatso ya pachinkhoswe chathu. Ine ndine Jacqueline."

Pauline anadikira kuti mtima uwawe. Sunawawe. Anadikira misozi, nayonso sinabwere. Anangoona kuti wavula nsapato pakhomo ngati mlendo wolongosoka, wakhala pampando, ndipo akuthokoza chifukwa cha tiyi.

"Ndabwera kudzaona ubweya," anatero. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wa kuchipinda china.

Jacqueline anamuikira mphakayo pamiyendo. Sanalume. Chimfinenso analibe.

Pauline anayendetsa chala kuchokera pamphuno. Zoonadi, ubweya unkalowera kumbuyo, patsaya n'kukhota. Pansi pa wotuwawo panali wina wakuda, wofewa. A Magret sananame. Mwa onse amene anamuuza za mphakayu, ndi iwo okha.

"Ali ndi mwayi Prosper, anapeza waluso," anatero Jacqueline. "Inu muli pabanja?"

"Ayi."

"Musadandaule, abwera wanu. Abwino alipobe."

Geti inalira. Prosper analowa akuimba mluzu, atanyamula jumbo ya buledi. Mluzuwo unathera pakhomo.

"Wagwidwa," anaseka Jacqueline. "Opeta ako afika."

Prosper anayang'ana Pauline, kenako khoma, kenako buledi.

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, bambo. Kaya inu?"

Jacqueline anapita kukhitchini kukatenga kapu ina. Prosper anayandikira, akunong'ona.

"Duwa langa, ndikufotokozera zonse..."

Pauline anamunyamula mphakayo n'kumuika m'manja mwa Prosper.

"Mugwireni bwino, bambo. Mutembenuzeni, kumimbaku sindinakuone."

Prosper anamutembenuza mphakayo. Pauline anatsegula chikwama. Anatulutsa ulusi wake n'kuyamba kuufananiza ndi ubweya, umodziumodzi.