Lupanga la Wamanzere

Thupi la Fintan Roche linapezeka Lachiwiri m'mawa, litagona chagada pamkeka wautali umene ophunzira ake ankalimbanirapo ndi malupanga. Kalabu yake ya masewera a malupangayo inali m'shedi ina ku Tallaght, m'dziko la Ireland, pakati pa mashedi okhoma amene anatsekedwa chuma cha dziko chitagwa. Pachifuwa panali bala limodzi. Pambali pake panali lupanga lothyoka kunsonga, magazi atauma kutsogolo kwake ndi ena pang'ono chapakati.

Detective Overstone Kalimbuka anafika cha m'ma 8 koloko. Anagwirapo ntchito ku CID ya ku Limbe asanalowe upolisi wa ku Ireland, ndipo ankakonda kuyamba ndi maso, pakamwa pambuyo. Atagwada anawerenga dzina lolembedwa pachogwirira: Zuleika.

Amene anaitana apolisi anali Cormac Tuohy, wothandiza wa malemuyo. Anaima pakhomo manja ali m'matumba a jekete, ngakhale dzuwa la July linali litawala.

“Zuleika ndi ndani?” anafunsa Overstone.

“Mtsikana wa ku Mozambique, amaphunzira ku yunivesite. Fintan ankamukonzekeretsa mpikisano wa masewera a mayiko a Chisilamu. Dzulo anakangana zedi. Ndinawasiya akulalatirana.”

Pofika 11 koloko Zuleika Amade anali m'chipinda chofunsira mafunso, mpango wake wakumutu utanyowa ndi misozi. Overstone atamva kuti kwawo ndi ku Lichinga, anasiya Chingerezi n'kuyamba Chinyanja.

“Chemwali, munakangana chiyani ndi aphunzitsi anu?”

Mtsikanayo anadzutsa mutu atamva chilankhulo chakwawo. “Za Ramadan, bambo. Kuno dzuwa sililowa msanga, ndiye dzulo ndinachita chizungulire. Iwo anati ndisiye kusala mpaka mpikisano utadutsa. Ine ndinakana.”

“Kenako?”

“Anaseka. Anati ndine wouma mutu ngati mayi awo. Tinagwirizana zoti tizichita masewera m'mawa, ndisanafooke.”

“Lupanga lanu lapezeka pambali pa mtembo.”

“Linathyoka sabata yatha. Ndinaliponya m'bokosi la zotaya.”

Mtsikanayo analibe mboni, chifukwa pobwerera kwawo anakwera yekha sitima ya mumzinda yotchedwa Luas. Bwana wa Overstone ankafuna mlandu utsekedwe tsiku lomwelo, ndipo zonse zinkaloza mwana wa eni ake amene anali pafupi kunyamula mbendera ya dziko lake.

Anaitanitsa chikwama chimene Zuleika anabwera nacho, n'kusololamo lupanga lina. Chogwirira chake chinali chokhotakhota, choumbidwa motsatira zala. Anayesa kulifumbata, koma chitsulo chinamubaya m'chikhatho, chala chachikulu n'kusowa pokhala.

“Mukuligwira ndi dzanja lolakwika,” anatero Zuleika. “Ine ndine wamanzere. Ndi dzanja lamanja simungaligwire.”

“Nanga wamanja atafuna kubaya nalo?”

“Angagwire pachitsulo penipeni. Koma lakale limakhala ndi timinga, limacheka.”

“Tandionetsani zikhatho.”

Zinali zosalala, zopanda bala. Overstone anatuluka n'kuimbira oyeza magazi. Cha m'ma 3 koloko yankho linabwera: magazi a pakati pa lupanga anali a gulu lina, osati la Fintan.

Overstone anakamupeza Cormac kunyumba kwake m'tauni ya Swords, m'chipinda chochezera chopanda makatani. Pakhoma panali zithunzi za ana awiri.

“Bambo Tuohy, zikomo chifukwa cha thandizo lanu,” anatero Overstone, natambasula dzanja lamanja kuti apatsane moni.

Cormac analiyang'ana dzanjalo ngati njoka. Lake silinatuluke m'thumba.

“Tulutsani.”

Linatuluka pang'onopang'ono, litakulungidwa ndi bandeji yothimbirira.

“Ndinadzicheka ndi chitini.”

“Ngati ndi choncho, dokotala akayeza magazi anu mudzabwerera kwanu. Koma ine ndikuti a palupanga paja ndi anu.”

Cormac anakhala pansi. Atayamba kulankhula, mawu ake anali otsika.

“Ndinali mmisiri womanga nyumba. Ntchito itatha, mkazi wanga anatenga ana n'kupita ku Australia. Chimene chinanditsalira ndi kalabu ija. Ndinkasesa, ndinkaphunzitsa ana, ndinkadzimva kuti ndine munthu. Dzulo mtsikana uja atachoka, Fintan anandiuza kuti wapeza ntchito kunja, ndipo akapita ku mpikisano sabweranso. Ananena akumanga nsapato, osandiyang'ana n'komwe. Bokosi la zotaya linali pafupi ndi ine, ndipo ndinasololamo lupanga lija.”

“Ndiye munasankha kupachika mlandu mwana wosalakwa?”

“Nditaona dzina lake pachogwirira, ndinangoti...” Anapereka manja onse awiri, unyolo n'kulira.

Kusiteshoni, Overstone anatsegula yekha chitseko cha chipinda chimene munali Zuleika. Mtsikanayo anaimirira.

“Chemwali, tengani chikwama chanu. Wopha munthu tamugwira. Inu mulibe mlandu.”

Zuleika anakhala pansi pomwepo, nkhope ili m'manja, akubwereza dzina la Mulungu. Overstone anatsamira khoma. Anamusiya alire mpaka atatopa.

“Ndingaimbire mayi anga?” anafunsa Zuleika akupukuta maso.

Overstone anamupatsa foni yake. “Imbani. Koma muyambe ndi mawu akuti muli bwino.”